Akachisi a Ajaini pa Mapiri a ku India: Mbiri ya Kumanga ndi Kumanganso

Malo opatulika koposa a Ajaini ali pamwamba pa mapiri a ku India, ndipo ena mwa malowa akhala akulandira anthu okapembedza kwa zaka zoposa 1,000. Ajaini ndi anthu ochepa. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti alipo pafupifupi 4.5 miliyoni, moti pa anthu 200 alionse a m'dzikolo Mjaini sakwana ndi mmodzi yemwe. Komabe akachisi amene iwo anamanga ku Shatrunjaya, Girnar, Abu, Ranakpur ndi Shravanabelagola ali m'gulu la nyumba zamiyala zosemedwa mwaluso kwambiri m'dziko lonselo. Amonke a chipembedzochi alibe nyumba, sasunga ndalama, ndipo amayenda wapansi moyo wawo wonse. Omanga akachisiwa anali anthu wamba: amalonda, obwereketsa ndalama, ndi nduna zotumikira mafumu amene nthawi zambiri sanali Ajaini. Anthu omwewa ndi amene ankabwerera kukamanganso akachisi akagumulidwa.

Chijaini chimalemekeza aphunzitsi 24 otchedwa Tirthankara. Woyamba ndi Rishabhanatha, amene amatchedwanso Adinatha. Awiri omaliza, Parshvanatha ndi Mahavira, ndi amene akatswiri a mbiri yakale amavomereza kuti anakhalakodi. Mahavira anakhala ndi moyo pa nthawi imodzi ndi Buddha m'dera limene lero ndi Bihar, ndipo mwambo wa Ajaini umati anamwalira m'chaka cha 527 Khristu asanabadwe. Chiphunzitso chawo chimati chamoyo chilichonse, ngakhale kachilombo ka m'nthaka, chili ndi mzimu umene umabadwa mobwerezabwereza chifukwa cha zochita zake. Mzimuwo umamasuka ukaleka kuvulaza zamoyo, kunama, kuba, kutsata chilakolako ndi kukakamira chuma. Tirthankara ndi munthu amene anafika pa chimasuko chimenecho n'kuphunzitsa ena njira yake. Iye sanalenge dziko, salanga munthu, ndipo sayankha mapemphero. Mjaini akaimirira pamaso pa chifaniziro chake amakhala akuyang'ana chimene iye mwini akufuna kudzakhala. Zopempha za tsiku ndi tsiku, monga thanzi ndi ana, zimapita kwa milungu yolondera kachisi ngati Ambika ndi Padmavati.

Malo amapatulika chifukwa cha zochitika zisanu za moyo wa Tirthankara: pamene mayi ake anatenga pakati pake, kubadwa kwake, kusiya kwake chuma ndi banja, kufika kwake pa nzeru yodziwa zonse, ndi kumasuka kwake komaliza pa imfa. Malo omasukirako ndi amene amalemekezedwa koposa. Mwambo umati aphunzitsi 20 mwa 24 aja anamasukira pa phiri la Shikharji, lomwe limadziwikanso kuti Parasnath, m'chigawo cha Jharkhand. Neminatha anamasukira ku Girnar ku Gujarat, Vasupujya ku Champapuri, Rishabhanatha pa phiri la Ashtapada m'mapiri a Himalaya, ndipo Mahavira ku Pavapuri. Ku Pavapuri kachisi woyera ali pakati pa dziwe lodzaza maluwa a m'madzi. Akuti dziwelo linachitika chifukwa anthu anatapa phulusa ndi dothi la pamalo amene anatentherapo mtembo wa Mahavira mpaka panatsala dzenje.

Zotsalira zakale kwambiri si za akachisi aakulu. Ku Udayagiri ndi Khandagiri, m'chigawo cha Odisha, kuli mapanga ogobedwa m'thanthwe amene mfumu Kharavela ndi a m'banja lake anakonzera amonke Khristu asanabadwe, ndipo ambiri ndi tizipinda topapatiza tongokwana kugonamo. Ku Kankali Tila, mumzinda wa Mathura, akatswiri anafukula zifaniziro ndi miyala yolembedwa ya zaka za m'ma 100 ndi m'ma 200, ndipo mayina a opereka mphatso amene alembedwapo ndi a amalonda, osula zitsulo, ogulitsa zonunkhira ndi akazi awo. Apa zikuoneka kuti kuyambira pachiyambi, wolipira mmisiri anali munthu wamba.

M'kupita kwa nthawi Ajaini anagawikana magulu awiri aakulu. Amonke aamuna a gulu la Digambara savala kalikonse, ndipo zifaniziro zawo sizivekedwa zokongoletsa. Amonke a Shvetambara amavala nsalu zoyera, ndipo zifaniziro zawo zimaikidwa maso onyezimira n'kuvekedwa zisoti ndi miyala yamtengo wapatali pa zikondwerero. Gulu loyamba linazika mizu kumwera ndi pakati pa India, lachiwiri ku Gujarat ndi Rajasthan.

Malo otchuka koposa a Digambara ndi Shravanabelagola, katauni ka ku Karnataka kamene kali pakati pa mapiri awiri amiyala okhala ndi dziwe pakati pake. Mwambo umati mphunzitsi Bhadrabahu anafika kumeneko pothawa njala yaikulu ya kumpoto, ali limodzi ndi mfumu Chandragupta Maurya imene inatula pansi ufumu n'kukhala mmonke. Phiri laling'ono, Chandragiri, lili ndi zolembedwa mazanamazana pamathanthwe ake. Zakale kwambiri zimakumbutsa amonke ndi anthu wamba amene anabwera kudzamaliza moyo wawo kumeneko posala kudya pang'onopang'ono atakalamba kapena atadwala matenda osachiritsika, mwambo wotchedwa sallekhana. Kwa zaka mazana angapo malowa ankadziwika ndi zimenezi, asanakhale ndi chiboliboli chimene chawatchukitsa.

Chibolibolicho chinasemedwa cha m'ma 981 molamulidwa ndi Chavundaraya, nduna komanso mkulu wa asilikali wa mafumu a Ganga. Chili pamwamba pa phiri lalikulu, Vindhyagiri, n'chotalika mamita pafupifupi 17, ndipo chinasemedwa kuchokera ku thanthwe limodzi. Munthu amene chikumuimira ndi Bahubali, mwana wa Rishabhanatha. Nkhani yake imati analimbana ndi mkulu wake Bharata polimbirana ufumu, ndipo atamugonjetsa ananyansidwa ndi chimene anachitacho, n'kusiya zonse. Anaimirira m'nkhalango chaka chathunthu osasuntha, mpaka ziyangoyango zinakulunga miyendo ndi mikono yake ndipo chiswe chinamanga zulu kumapazi kwake. Amisiri anasema zonsezi pamwalapo. N'zochititsa chidwi kuti mkulu wa asilikali ndi amene anasankha kuimika msilikali wosiya nkhondo pamalo oonekera patali chotero. Okapembedza amakwera opanda nsapato masitepe oposa 600 ogobedwa m'thanthwe. Pafupifupi zaka 12 zilizonse amamanga nsanja kumbuyo kwa chibolibolicho ndipo anthu amathira pamutu pake madzi, mkaka, madzi a nzimbe ndi zonunkhira zofiira ndi zachikasu. Mwayi wonyamula mitsuko yoyambirira umaperekedwa kwa amene apereka ndalama zambiri. Mwambowu unachitika mu 1981 pokumbukira zaka 1,000, kenako mu 1993, 2006 ndi 2018.

Kumadzulo, nyengo yaikulu yomanga akachisi inafika mu ulamuliro wa mafumu a Chaulukya a ku Gujarat, amene ankakonda kuika Ajaini pa maudindo oyang'anira chuma ndi zigawo. Vimala, nduna ya mfumu Bhima I, anamanga kachisi wa Adinatha ku Dilwara pa phiri la Abu cha m'ma 1031, ndipo a m'banja lake anamukulitsa m'zaka za m'ma 1100. Mu 1230 abale awiri, Vastupala ndi Tejapala, nduna za mfumu Viradhavala, anamanga pafupi pomwepo kachisi wa Neminatha wotchedwa Luna Vasahi. Kunja kwa akachisiwa kulibe chokopa maso. Ulemerero wonse uli mkati, mmene nsanamira, zitseko ndi madenga onse ndi a mwala woyera wa mabo, wosemedwa mpaka kupyapyala moti m'malo ena kuwala kumadutsa. Pakati pa denga la holo ya Luna Vasahi palendewera duwa lalikulu lamwala lokhala ndi mizere yambirimbiri ya timasamba. Anthu amasimba kuti osema ankalipidwa molingana ndi kulemera kwa fumbi limene apala pamwala, n'cholinga choti asafulumire kunena kuti ntchito yatha. Eni ntchito nawo sanadzibise. M'akachisi onse awiri muli chipinda cha njovu zamwala chokumbutsa omangawo ndi abale awo. Asilikali a mfumu Alauddin Khalji anawononga akachisiwa mu 1311, ndipo patatha zaka 10 amalonda ena anawakonzanso.

Patapita zaka 200 kuchokera pa kumangidwa kwa Luna Vasahi, wamalonda wina dzina lake Dharna Shah anayamba kumanga kachisi wa Ranakpur m'chigwa cha mapiri a Aravalli, mu ulamuliro wa Rana Kumbha wa ku Mewar. Mwala wolembedwa wa mu 1439 umatchula mmisiri wamkulu wa ntchitoyo, Depaka. Kachisiyu ali ndi makomo anayi, chifaniziro cha Adinatha choyang'ana mbali zonse zinayi, ndi nsanamira zimene amati zilipo 1,444. M'zaka za m'ma 1400 zomwezo, mlembi wina wa ku Ahmedabad, Lonka Shah, anatsutsa zomanga akachisi ndi kupembedza zifaniziro. Mfundo yake inali yolemera kwa Mjaini aliyense: kukumba maziko, kuswa miyala ndi kuthyola maluwa kumapha zamoyo zosawerengeka. Magulu a Sthanakvasi ndi Terapanthi a mbali ya Shvetambara amatsata maganizo amenewa mpaka lero ndipo alibe akachisi a zifaniziro. Ambiri mwa Ajaini anayankha kuti phindu limene kachisi amabweretsa m'mitima ya anthu limaposa kuvulazako, ndipo anapitiriza kumanga.

Kale munthu sankapita yekha ku malo opatulikawa. Misewu inali ya achifwamba ndipo ulendo unkatenga miyezi. Munthu wachuma ankaitana anthu a mumzinda wake, amonke aamuna ndi aakazi pamodzi ndi anthu wamba, n'kulipira chakudya, ngolo, mahema ndi alonda a gulu lonselo. Akafika pamwamba pa phiri ankavekedwa nkhata yamaluwa n'kupatsidwa dzina laulemu lakuti sanghapati, ndipo mabanja ambiri otchedwa Sanghvi anatenga dzina lawo pa udindo umenewu. Vastupala anatsogolera maulendo otere kangapo kupita ku Shatrunjaya ndi Girnar. Ulendo wotsata mwambo wonse uli ndi malamulo ake, monga kuyenda wapansi, kudya kamodzi patsiku, kugona pansi, kupewa kugonana ndi kupewa zakudya zaziwisi zimene zikadali ndi moyo. Maulendo amenewa akuchitikabe ngakhale masiku ano kuli sitima ndi mabasi. Cha m'ma 1330 mmonke Jinaprabha Suri, yemwe ankalandiridwa kunyumba yachifumu ya Muhammad bin Tughluq ku Delhi, analemba buku lotchedwa Vividha Tirtha Kalpa lofotokoza malo opatulika ambiri, nkhani zake ndi masoka amene anawagwera.

Kwa a Shvetambara palibe malo oposa Shatrunjaya, phiri la nsonga ziwiri pafupi ndi tauni ya Palitana ku Gujarat. Palibe Tirthankara mwa 24 aja amene anamasukira pamenepo, koma mwambo umati Rishabhanatha ankafikapo kawirikawiri, ndipo wophunzira wake wamkulu Pundarika anamasukira pomwepo pamodzi ndi khamu la amonke. Lero pamwamba pake pali akachisi oposa 800, aakulu ndi aang'ono, othithikana m'malinga aatali, ndipo njira yokwerera ili ndi masitepe oposa 3,000.

Ajaini amawerenga mbiri ya phirili potsata nthawi zimene kachisi wamkulu wa Adinatha anamangidwanso, ndipo amati zimenezi zachitika ka 16. Zoyambirira ndi za m'nthano, koma zitatu zomaliza zili ndi umboni. Nkhani yakale imati Udayana, nduna ya mfumu Kumarapala, anaona khoswe atanyamula chingwe choyaka cha nyale m'kachisi amene panthawiyo anali wamatabwa, ndipo analumbira kuti adzamanga wamiyala. Anamwalira asanakwaniritse, ndipo mwana wake Vagbhata ndi amene anagwira ntchitoyo m'zaka za m'ma 1150. Mu 1313 asilikali a ufumu wa Delhi anakwera phirilo n'kuswa chifaniziro chachikulu. Pasanathe zaka zitatu, wamalonda wa ku Patan dzina lake Samara Shah anapeza chilolezo kwa Alp Khan, bwanamkubwa wa ufumu womwewo ku Gujarat, n'kuika chifaniziro chatsopano mu 1315. Chitawonongedwanso, Karma Shah, wogulitsa nsalu wa ku Chittor, anachita chimodzimodzi mu 1531. Iye anali atabwereketsa ndalama kwa Bahadur Shah pamene anali kalonga wothawa kwawo, ndipo kalongayo atakhala mfumu ya Gujarat anabweza zabwinozo ndi chikalata cholola ntchitoyo. Chifaniziro chimene Karma Shah anaika ndi chimene anthu akupembedzerapo mpaka pano.

Njira imeneyi ndi imene inasunga phirilo. Ajaini analibe asilikali oti ateteze kachisi ndi lupanga. Chimene anali nacho ndi ngongole zimene mafumu anali nazo kwa iwo, ulemu umene amonke awo ankalandira, ndi kuleza mtima kopita kubwalo la mfumu iliyonse yatsopano kukapempha chikalata china. Mu 1583 mmonke Hiravijaya Suri anafika ku Fatehpur Sikri atayenda wapansi kuchokera ku Gujarat, poitanidwa ndi mfumu Akbar. Zotsatira za kucheza kwawo zinali zakuti Akbar analetsa kupha nyama pa masiku opatulika a Paryushana ndipo anachotsa msonkho umene okapembedza ankalipira ku Shatrunjaya. M'zaka za m'ma 1600 Shantidas Jhaveri, wogulitsa miyala yamtengo wapatali wa ku Ahmedabad, anapitiriza ntchitoyi. Mu 1645 kalonga Aurangzeb anadetsa kachisi amene Shantidas anamanga mumzindawo, ndipo Shantidas anakadandaula kwa mfumu Shah Jahan mpaka nyumbayo inabwezedwa. Patapita zaka, Aurangzeb yemweyo atalanda ufumu, anatsimikizira ndi chikalata ufulu wa Shantidas pa Palitana. Pamwamba pa phirilo, pafupi ndi akachisi, pali manda a munthu woyera wachisilamu wotchedwa Angar Pir, ndipo anthu amapitako mpaka lero.

Akachisi ambiri amene akuoneka pa Shatrunjaya ndi a zaka za m'ma 1500 mpaka m'ma 1800. Kachisi wamtali wa Chaumukh, wa pansonga yakumpoto, ndi wa mu 1618. Amalonda a ku Ahmedabad ndi Bombay atalemera mu ulamuliro wa Angerezi, aliyense ankafuna linga lakelake. Motichand Amichand, wodziwika kuti Motisha, amene anapeza chuma potumiza thonje ndi mankhwala ozunguza bongo a opium ku China, anapeza kuti pansonga ziwiri zija malo atha. Analamula kuti chigwa cha pakati pake chikwiriridwe ndi miyala, ndipo linga lake linamangidwa pamenepo cha m'ma 1836. Iye anamwalira mwambo wopatulira usanachitike, ndipo mwana wake ndi amene anaumaliza.

Pofika nthawiyi udindo woyang'anira phirilo unali utachoka m'manja mwa munthu mmodzi n'kupita ku bungwe la Anandji Kalyanji la ku Ahmedabad, limene layang'anira Shatrunjaya kuyambira m'zaka za m'ma 1700. Mkangano wake waukulu unali ndi mafumu a Palitana, amene ankalandira ndalama ya chitetezo cha okapembedza. Mu 1886 anagwirizana za marupi 15,000 pachaka kwa zaka 40. Panganolo litatha mu 1926, mkulu wina wa boma la Angerezi anagamula kuti ndalamayo ikwere kufika pa 100,000. Ajaini a m'dziko lonse anayankha poleka kukwera phirilo. Kwa zaka ziwiri njira ya masitepe ija inakhala yopanda anthu, ndipo tauni imene inkadalira alendo inavutika. Mu 1928 mbali ziwirizo zinagwirizana za marupi 60,000 pachaka, ndipo msonkhowo unatha India italandira ufulu wodzilamulira. Kwa anthu amene ankaona kukwera phirilo ngati chinthu chachikulu koposa pa moyo wawo wachipembedzo, kudziletsa kumeneku kunali nsembe yeniyeni. Bungwe lomweli ndi limene linakonzanso Ranakpur, amene anakhala wosiyidwa kwa nthawi yaitali, ndi akachisi a ku Dilwara m'zaka za m'ma 1900, pogwiritsa ntchito amisiri a fuko la Sompura amene akhala akuphunzitsana luso lomanga akachisi kuchokera kwa makolo.

Malamulo a phirilo ndi okhwima. Okwera amanyamuka mbandakucha, sadya kanthu ali pamwamba, savala chilichonse chachikopa, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense amatsika, kuphatikizapo otumikira m'kachisi. Okalamba ndi odwala amanyamulidwa pa machila. M'miyezi inayi ya mvula okhulupirika sakwera n'komwe, chifukwa nthawi imeneyo njira imadzaza tizilombo ndi udzu wanthete zimene munthu angaponde. Njira imatsegulidwanso pa tsiku la mwezi wathunthu la Kartik, cha mu Novembala. Ena amalumbira kukwera ka 99 m'nyengo imodzi potsanzira maulendo a Rishabhanatha. Amene sangathe kufika ku Palitana amasonkhana kwawo tsiku lomwelo pamaso pa nsalu yaikulu yojambulidwa phiri lonselo ndi njira zake. Mwambo umenewu unapita ndi Ajaini kulikonse kumene anasamukira, monga ku Mombasa, kumene anatsegula kachisi mu 1963, ndi ku Leicester, kumene anatsegula wina mu 1988.

Shikharji, phiri limene magulu onse awiri amalilemekeza mofanana, ndi losiyana ndi Shatrunjaya. Ndi lalitali mamita oposa 1,300, lili m'nkhalango, ndipo m'tiakachisi tambiri ta pansonga zake muli mapazi ozokotedwa pamwala m'malo mwa zifaniziro. Ulendo wokwera, kuzungulira nsongazo ndi kutsika ndi wa makilomita pafupifupi 27. Bungwe la Anandji Kalyanji linagula phirilo kwa mfumu ya Palganj mu 1918, koma a Digambara sanavomereze kuti likhale m'manja mwa a Shvetambara okha, ndipo milandu ya umwini ndi kapembedzedwe yakhala m'makhoti kwa zaka zoposa 100. Anthu a mtundu wa Santhal, amene amakhala m'munsi mwake, amalitchula kuti Marang Buru ndipo amaliona ngati phiri la mulungu wawo wamkulu, kumene amachitirako mwambo wosaka nyama chaka ndi chaka. Mu 2019 boma linaika derali m'gulu la malo otetezedwa mmene mungachitike ntchito zokopa alendo. Ajaini anaopa kuti zimenezi zibweretsa mowa ndi nyama pa phirilo, ndipo kumapeto kwa 2022 anachita zionetsero m'mizinda yambiri. Mu Januwale 2023 boma lalikulu la India linaimitsa ntchito zokopa alendozo, ndipo atsogoleri a Asanthal nawo anachita zionetsero zawo pofuna kuti ufulu wawo pa phirilo uzindikiridwe.